Kufunsa Mbiri ya Banja kwa Ziliza

Miyezi ingapo yapitayo mphunzitsi wina wopuma pantchito adatibweretsera kabuku kamene adalemba yekha, kofotokoza mbiri ya banja lake, natipempha kuti tikawerenge ndi kumuuza mosabisa pamene padakhota. Bamboyu adatha zaka zambiri akuyenda m'manda. Ankayamba wapempha chilolezo kwa mfumu, ankalowa m'msitumo pamodzi ndi adzukulu, ankapala ndere pa ziliza kuti zilembo zioneke, kenaka n'kukopera dzina lililonse ndi chaka chilichonse chimene wachipeza. Adapitanso ku malo ena otchuka m'mbiri ya dziko lino, pofuna kuona ngati makolo ake adapondako. Watilola kuti tilankhule za ntchito yakeyi poyera, malinga tisatchule dzina lake kapena la parishi yake. Tikutero chifukwa iye sali yekha. Ansembe a m'maparishi akale akudziwa kuti pa ofesi pamafika anthu odzafunsa za agogo awo, ena mwa iwo ndi zidzukulu za matchona zochokera ku Harare, ku Bulawayo ndi ku Johannesburg, zimene zimangodziwa dzina la mfumu ndi la boma basi. Tsono nkofunika kuti tidziwe chimene njira yofunsa mbiri kwa miyala ingawapatse anthu otere, ndiponso chimene ingawamane.

Kabukuka nkoyenera ulemu. Mlembi amasiyanitsa bwino zimene adaona ndi maso ake ndi zimene adangomva. Pamene chiliza chikunena chaka china, buku la ubatizo n'kunena chinanso, iye sasankhapo chomukomera, amalemba zonse ziwiri. Ophunzira athu ambiri a m'seminale, ngakhale adawerenga mabuku a nzeru zakuya, kudziletsa kotereku kumawasowa akamalemba. Komabe njira imene adatsata idamufikitsa kumene iye mwini sadalinge. Mzera wa makolo ake wayenda mibadwo inayi, kufikira mwamuna wina amene adabatizidwa m'zaka zoyamba za mishoni, ndipo pamenepo wathera. Pa tsamba limenelo mlembi akuti mbiri ya banja lake idayambira apo. Ife tikuona kuti chimene chidayambira apo ndi inki ndi simenti.

Njira yofufuza makolo m'manda idakulira ku Ulaya, kumene idapeza nthaka yoiyenera. Kumeneko dzina la banja limatsata bambo, anthu a mudzi umodzi ankaikidwa pa bwalo la tchalitchi chimodzi, ndipo Msonkhano wa ku Trento, mu 1563, udalamula ansembe a m'maparishi kuti azisunga mabuku a maubatizo ndi a maukwati. Motero munthu wa ku Bavaria kapena wa ku Brittany angathe kutsata dzina limodzi, pa miyala ndi m'mabuku, kwa zaka mazana atatu kapena anayi. Kwathu kuno buku lakale koposa la parishi ya Chikatolika silingabwerere m'mbuyo kupitirira 1901, chaka chimene a Montfort adafika ku Nzama, kapena 1902, chimene a White Fathers adakhazikika ku Mua. Za boma nazo sizithandiza kwenikweni. Moto umene udatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919 udapsereza makalata ambiri akale, ndipo ngakhale ukadapanda kutero, boma la atsamunda linkawerenga nyumba zokhoma msonkho, silinkalemba kubadwa kwa ana a m'midzi. Lamulo lokakamiza kulembetsa mwana aliyense wobadwa lidayamba kugwira ntchito mu 2015.

Chiliza nacho ndi mboni yofunika kuifunsa mosamala. Makolo athu ankasiya mtumbira, ndi kuikapo mbale kapena mphika wobooledwa wa womwalirayo. Dzina linkakhala m'mitu ya anthu. Ziliza za simenti zolembedwa maina zidabwera ndi malipiro a pamwezi, ndipo zambiri zidamangidwa patapita zaka makumi awiri kapena atatu chimwalirire munthuyo, mwana wake atapeza bwino. Nanga chaka chobadwa adachitenga kuti? Adafunsa akuluakulu, amene adati adabadwa nkhondo ya Chiwaya isadayambe, kapena kuti pa mliri wa fuluwenza wa 1918 anali akuyamwa, kapena kuti njala ya 1949 idamupeza ali ndi ana atatu. Wina adawerengetsa zala, mmisiri n'kulemba pa simenti yaiwisi. Chimene chinali kuyerekeza chidauma n'kuoneka ngati choona chosagwedezeka. Akuluakuluwo adanena zoona monga momwe ankazidziwira. Wokokomeza ndi mwala. Ndipo tikayang'ana mndandanda wa mlembi wathu, tipeza kuti onse amene ali ndi ziliza ndi amene mwana wawo mmodzi adapita kusukulu. Mndandandawo ukutiuza za malipiro a ana koposa za moyo wa makolo.

Koma vuto lalikulu la kabukuka lili pena. Mlembi ndi Mchewa wa m'chigawo cha pakati, ndipo aliyense wa ife akudziwa kuti pakati pa Achewa munthu ndi wa kwa mayi wake. Mbumba ya mwamuna ndi alongo ake ndi ana awo. Nkhoswe imachokera kuchikazi. Munda, ufumu ndi malo a kumanda zimatsata bere. Mkamwini, ngakhale akhale pamudzi zaka makumi anayi, akamwalira kawirikawiri amanyamulidwa kukaikidwa kwawo. Choncho manda a pamudzi ndi buku la mzera wa amayi: agona m'menemo ndi agogo aakazi, ana awo aakazi ndi aamuna, ndi ana a ana aakaziwo. Mlembi wathu adalowa m'manda otere atanyamula dzina la bambo wake, dzina limene sukulu ndi chiphaso cha msonkho zidalisandutsa dzina la banja. Adalilondola kuchoka mudzi uwu kunka mudzi uwo, popeza pa mbadwo uliwonse mwini dzinalo adaikidwa kwa mayi wake, ndipo kwa mayi wa bambo si kwa mayi wa mwana. Pa manda aliwonse adatolapo munthu mmodzi, nasiya mitumbira yambiri yomuzungulira, imene ndiyo inali ya abale ake enieni a munthuyo. Manda a kwa mayi wake, kumene iye mwini akagone tsiku lina, adawapatsa masamba awiri okha.

Maina nawo amasokeretsa. Mayi wachikulire sankatchulidwa dzina lake la paubwana. Ankamuitana ndi mfunda, Naphiri kapena Nabanda, ndipo chiliza cholembedwa Naphiri chingakhale cha aliyense mwa amayi zikwizikwi. Wolowa ufumu amatenga dzina la amene wamulowa m'malo pamodzi ndi ubale wake wonse, kotero kuti akulu akamati mfumu yakutiyakuti idachokera kwakuti, idalimbana ndi Angoni, ndiponso idalandira amishoni, mwina akunena anthu atatu m'dzina limodzi. Jan Vansina, m'buku lake la 1961 lonena za mbiri yosungidwa pakamwa, adaonetsa kuti mizera ya makolo imafupika motere, mibadwo ya pakati n'kumezedwa. Mlembi wathu adaliona vutoli payekha, ndipo chifukwa cha ilo adaganiza zosiya pakamwa n'kukhulupirira mwala. Apa ndiye adalakwitsa. Mankhwala a mboni yoiwala ndi kufunsa mboni zambiri ndi kuyerekeza mawu awo, monga momwe adachitira Samuel Josia Ntara m'zaka za m'ma 1940 polemba Mbiri ya Achewa. Mwala sungafunsidwe kachiwiri. Nkhalamba ungaibwerere mawa ndi funso lina.

Tsopano tifike pa zimene zikutikhudza ife ansembe. Gawo lodzala koposa la kabukuka, la maina ndi zaka zambiri, ndi la manda a pamishoni. Mlembi akukondwera nawo mandawo chifukwa cha mizera yake yowongoka ndi mitanda yake yolembedwa bwino. Sadafunse kuti adayamba bwanji. Adayamba ndi kupatula. Ian Linden, m'buku lake la 1974 lonena za Akatolika ndi Achewa, adafotokoza mkangano waukulu umene udabuka pakati pa amishoni ndi a Nyau m'zaka za m'ma 1920, ndipo mbali ina ya mkanganowo inali maliro: mwini maliro ndani, pavinidwe chiyani, mtembo ukagone kuti. Popeza dambwe limakhala kumanda, amishoni adafuna kuti akhristu awo aziikidwa padera, pa nthaka yodalitsidwa. Malamulo a Mpingo a 1917 sankalola kuti wosabatizidwa aikidwe mwa Chikhristu, kupatula amene anali kuphunzira kale Chikhristucho. Zotsatira zake n'zakuti mwana wobatizidwa agona pamishoni ndi mtanda wolembedwa dzina, pamene mayi amene adamubala agona m'msitu popanda chizindikiro. Sitikuimba mlandu ansembe akalewo, amene ena mwa iwo adafa akali anyamata ndipo agona m'manda omwewo. Koma wofufuza mbiri ayenera kudziwa kuti mpanda wa manda a pamishoni udadula mabanja pakati, ndipo iye akangowerenga za m'kati mwa mpandawo akubwereza kudulako.

Buku la ubatizo lili chimodzimodzi. A White Fathers ankafuna kuti munthu wamkulu aphunzire zaka zinayi asadabatizidwe. Wamitala sankabatizidwa pokhapokha atatsala ndi mkazi mmodzi, kapena ali pafupi kufa. Kholo losabatizidwa nthawi zina linkangolembedwa kuti ndi lachikunja. Dzina la pamudzi linkalembedwa ndi munthu amene makutu ake adazolowera Chifalansa kapena Chidatchi, ndipo la ubatizo linkalembedwa m'Chilatini. M'kabuku ka mphunzitsi wathu muli chiganizo chimodzi chimene iye adachidutsa mofulumira, koma ife tidaimapo nthawi yaitali: kholo lake lija lidali ndi akazi awiri lisadabatizidwe. Wina adalowa nalo m'buku la maukwati. Za winayo kabuku sikanenanso kanthu, ngakhale dzina. Mayi ameneyo adabwezedwa kwawo kuti mwamuna wake alandire sakramenti, ndipo adali ndi ana. Zidzukulu zake zilipo, mwina zimapemphera m'tchalitchi chomwecho. Mbiri ya banja imene siingathe kumuona mayi ameneyu yatengera khungu la mabuku athu.

Za malo otchuka a mbiri sitichulukitsa mawu, chifukwa phunziro lake nlomwelo. Ku Cape Maclear kuli manda asanu a mishoni ya Livingstonia, imene idakhala kumeneko kuyambira 1875 mpaka idasamukira ku Bandawe mu 1881. Mmodzi mwa asanuwo ndi Mwafrika, Shadrach Mngunana wa ku Lovedale, amene adamwalira mu 1877, chaka chomwe adamwalira Dr William Black. Koma anthu mazanamazana amene adasenza sitima ya Ilala zidutswazidutswa kulambalala mathithi a Shire alibe pamene adalembedwa. Ku Magomero adaikidwa Henry Burrup mu 1862, ndipo za imfa ya Episkopi Mackenzie pa 31 January chaka chomwecho, pamene Ruo athira mu Shire, zidalembedwa m'mabuku ambiri. Akapolo 84 amene adamasulidwa kwa Mbame mu July 1861, amene ndiwo adali chiyambi cha mudzi wa mishoniwo, ambiri a iwo manda awo adasanduka minda. Landeg White, polemba mbiri ya Magomero mu 1987, adawapeza anthu wamba a kumeneko chifukwa adawerenga makalata akale ndi diso lofuna iwowo, ndiponso adakhala pansi ndi okalamba, makamaka amayi.

Ku Zomba mlembi wathu adakafuna dzina la mbale wa agogo ake pa chipilala cha asilikali a K.A.R. Sadalipeze, ndipo adalemba kuti mwina nkhani ya m'banja lakeyo ndi nthano chabe. Koma munthuyo adapita ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ngati tengatenga, ndipo chipilalacho nchokumbutsa asilikali. Melvin Page adawerengera kuti amuna a dziko lino amene adasenza katundu pa nkhondoyo adali pafupifupi 200,000. Mu 2021 bungwe losamala manda a asilikali a maiko a Commonwealth lidavomera poyera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a iwo Aafrika, sadakumbukidwe ndi maina awo, ndipo ena sadakumbukidwe n'komwe. Kusowa kwa dzina pa chipilala ndi umboni wa maganizo a omanga chipilalacho. Sikutsutsa agogo a mphunzitsi wathu. John Chilembwe, amene nkhope yake ili pa ndalama zathu, adaphedwa pa 3 February 1915 naikidwa pa malo opanda chizindikiro. Mwa anthu oposa 420 amene adafa mu mgodi wa malasha ku Wankie pa 6 June 1972 mudali Amalaŵi, ndipo mitembo yambiri idatsekeredwa pansi pomwepo. Ana a anthu amenewa alibe chiliza choti apale ndere.

Wina angatifunse kuti: kodi tikunyoza kusamala manda? Iyayi. Abrahamu adagula phanga la Makipela ndi siliva kuti aikemo Sara, ndipo Aisraele adanyamula mafupa a Yosefe potuluka ku Ejipito mpaka kukawaika ku Sekemu. Koma Malembo omwewo, pa mutu womaliza wa Deuteronomo, akunena kuti manda a Mose palibe amene akuwadziwa. Ndipo Sira, pa mutu 44, ali pakati potamanda anthu otchuka, akuima kuti akumbuke ena amene sadasiye chikumbutso chilichonse. Augustino Woyera adalisanthula funsoli cha m'ma 421, poyankha Paulino wa ku Nola, amene adafunsa ngati kuikidwa pafupi ndi manda a woyera kumathandiza wakufa. Yankho lake lidali lakuti malowo pa okha sathandiza. Phindu lake nlakuti amakumbutsa amoyo kupempherera wakufayo. Adaonjezanso mfundo imene ikutikhudza ife kwambiri: kuti Mpingo umapempherera akufa ake onse pamodzi, ngakhale osatchula maina, kuti amene alibe mwana kapena mbale wowakumbuka asasowe mayi wowakumbuka. Mayi wake wa Augustino yemweyo, Monika Woyera, pomwalira ku Ostia mu 387 adasiya kudera nkhawa za manda amene adadzikonzera kwawo ku Afrika, napempha chokhachi kuti ana ake azimukumbuka pa guwa la Ambuye. Chidutswa cha mwala wa pa manda ake chidapezeka mu 1945, anyamata akukumba dzenje, Mpingo utamukumbuka zaka mazanamazana popanda mwalawo.

John Mbiti, m'buku lake la 1969, adaphunzitsa kuti kwa Aafrika womwalira amakhalabe pakati pa abale ake malinga alipo wina amene adamudziwa ndi kumutchula dzina, ndipo pakatha mibadwo inayi kapena isanu amalowa m'khamu la mizimu yosatchulidwa. Tikuganiza kuti mantha a kulowa m'khamu limeneli ndiwo akumangitsa ziliza zambiri masiku ano, ndiponso ndiwo adalembetsa kabuku tikunenaka. Mantha amenewa si oseketsa. Koma makolo athu sankaona kulowa m'khamulo ngati kutayika: pothira nsembe pa msolo ankatchula amene ankawadziwa, n'kuwapempha kuti aitane anzawo onse a m'mbuyo. Dzina lolembedwa pa simenti, limene palibe angalifotokoze, silimubwezera munthu pakati pa abale ake. Pa mfundo imeneyi mwambo wa makolo ndi chiphunzitso cha Augustino zikuyandikana koposa momwe amishoni oyamba kapena a Nyau a nthawi imeneyo akadavomerera, ndipo wansembe wolalika pa 2 November ali ndi poyambira.

Pali chinanso chimene mlembi sadachiganizire, chimene wansembe sangachinyalanyaze. Mbiri ya banja si nkhani yozizira. M'midzi yambiri muli mabere amene kholo lake lidafika ngati kapolo kapena ngati chikole, ndipo anthu adagwirizana kalekale kuti asamazinene. Manda amatchulidwa pa milandu ya minda ndi ya ufumu: wakuti adaikidwa pano, ndiye kuti malo ano ngathu. Mabuku athunso ali ndi mawu a m'mphepete onena za ana obadwa kunja kwa ukwati. Lamulo la Mpingo la 535 likutiuza kuti tisunge mosamala mabuku a parishi, ndi akale omwe, ndiponso kuti asagwe m'manja mwa anthu wamba akunja. Mbali zonse ziwirizi timazilephera. Pa parishi ina tidapeza mabuku oyambirira ali m'kabati pansi pa denga lodontha, chiswe chitadya zaka zingapo zathunthu. Pa ina tidaona mlendo atasiyidwa yekha ndi buku lonse, akujambula tsamba ndi tsamba. Choyenera nchakuti wansembe akhale pansi ndi wofunsayo, amuwerengere za banja lake lokha, amumasulire Chilatini, ndi kumuuza mosabisa za anthu amene bukulo silidawalembe ndi chifukwa chake.

Kabukuka tidamubwezera mwini wake ndi pempho limodzi. Kwa mayi wake kuli mayi wake wamng'ono amene akali moyo, ngakhale maso adachita chidima, ndipo pa maliro aliwonse a pamudzipo ndiye amene adzukulu amamufunsa kuti akumbe pati. Ameneyo akudziwa mtumbira uliwonse kuti ngwa yani, adabadwa kwa yani, ndipo adagonekedwa pafupi ndi yani chifukwa chiyani. Tidamuuza mphunzitsiyo kuti apiteko chilimwe chino, udzu ukali wopsa ndipo mitumbira ikuoneka, apemphe kwa mfumu, atenge pepala lalikulu, ajambule mtumbira uliwonse pa malo ake, ndi kulemba zimene mayiyo anene m'mawu ake omwe. Tidamuuzanso kuti akafunse dzina la mkazi uja adabwezedwa kwawo. Adayankha kuti dzinalo akulidziwa kale, koma sadaone polilemba, popeza pa mzera umene adajambula padalibe malo ake.